Kabotolo Kopanda Dzina

A Nachisale anafika ku London mu Novembala wa 2005, atavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba pake, kudzalera mdzukulu wawo Kuda kuti mwana wawo Tambudzai abwerere ku ntchito. Nyumba inali fulati ya zipinda ziwiri ku Thamesmead, pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri, ndipo vuto loyamba analiona asanavule n'komwe nsapato. Kanjira ka m'nyumbamo kanali kopapatiza moti anthu awiri sakanatha kupatukirana. Nanga mpongozi ndi mkamwini azidutsana bwanji?

Kwawo, ku famu ya fodya kufupi ndi Banket ku Zimbabwe, kumene bambo awo anakhazikika atachoka ku Dedza, mkamwini ukamuona akubwera umapatuka n'kulowa m'chimanga. Muno munalibe chimanga. Munali kabati ya nsapato ndi pulemu ya mwana.

Mkamwiniyo anali Wilbroad Sakala wa ku Katete ku Zambia, munthu wamtali wolankhula motsitsa, amene ankagwira ntchito mu labu ina pakati pa mzinda. Tambudzai ankangoti amuna ake amapanga katemera, ndipo a Nachisale sanafunse zambiri. Wilbroad nayenso analeredwa bwino, ankadziwa kuti apongozi suwayang'ana m'maso, suwalankhula ngati mnzako wa pa mpira. Pasanathe sabata, awiriwa anapeza njira popanda kupangana. Ankalankhulana kudzera mwa Kuda, amene anali ndi miyezi isanu ndipo sankadziwa liwu ndi limodzi lomwe.

"Kuda, auze atate ako kuti tiyi wapsa."

"Kuda, uwauze agogo kuti zikomo, nibwera manje manje."

Kuda ankangotafuna chala chake cha kuphazi. Tambudzai ankaseka mpaka kugwira khoma, koma uthenga unkafika. Ndi njira yomweyi Wilbroad anawaphunzitsa a Nachisale kugunditsa khadi la basi, ndipo ndi njira yomweyi iwo anamuuza kuti mpando umene anawaikira pafupi ndi hita ndi wabwino. Mumtima ankamukonda mnyamatayu. Sankamwa, ankasambitsa mwana, ndipo akapeza telele wa ku msika wa ku Woolwich ankabwera naye osatumidwa.

Chinthu chimodzi chokha a Nachisale sankalola munthu wina kuchigwira: matewera akuda. A kuno ndi otaya, koma iwo sankataya chitayetaye. Lililonse ankalimanga m'majumbo awiri, mfundo yolimba, n'kutsika nalo okha pa lifiti mpaka ku chibini chachikulu, n'kulikankhira pansi ndi ndodo ya mopu kuti lisaoneke.

"Amayi, muno ndi mu London," anatero Tambudzai tsiku lina. "Ndani angafune thewera la Kuda?"

"Amene analifuna la Jailos anali ndani?"

Jailos anali mwana woyamba wa a Nachisale, wa mu 1974, Tambudzai asanabadwe. Lolemba lina m'mwezi wa Juni anayanika matewera ake anayi pa waya wa kuseri kwa komboni, ongosukuluza chifukwa sopo anali atatha. Madzulo anapezapo atatu. Lachitatu mwana anayamba kusanza. Lachinayi anatsegula m'mimba, madzi okhaokha. Liwombo linalowa ngati munthu wadinapo chala, amayi achikulire a pa famupo anamatapo mankhwala akuda, n'kuletsa kumupatsa madzi kuti m'mimba muume. Loweruka anamuika m'manda a antchito, kuseri kwa zigafa za fodya. Pa komboni yonse mawu anali amodzi: wina anatenga thewera lija n'kukalipangira zake. Kuchokera tsiku limenelo a Nachisale ankadziwa chinthu chimodzi, kuti chimbudzi cha mwana chikatuluka m'nyumba ndi dzanja la munthu wina, mwanayo umamutaya.

Mu Febuluwale, kukuzizira koopsa, Kuda anadzuka Lachiwiri thupi lili moto. Anasanza mkaka, anasanza phala, ndipo pofika masana anatsegula m'mimba. Dokotala wa m'dera lawo anati ndi kachilombo kamene kamazungulira ana nyengo yozizira, nawapatsa timapaketi ta ufa wa mchere ndi shuga wosungunula m'madzi. Supuni imodzi, dikirani pang'ono, supuni ina, osaleka. Zimenezi a Nachisale sanachite kuuzidwa kawiri. Anamwino a boma anawaphunzitsa kale ndi botolo la sikwashi Tambudzai ali khanda. Anakhala pa mpando wawo wa pa hita, mwana pa miyendo, supuni m'manja, ndipo kamodzikamodzi chala chawo chinkapita pa liwombo.

Lachitatu m'mawa Tambudzai anapita ku shifiti yake ku nyumba yosamalira okalamba ku Woolwich, foni n'kukaitsekera mu loka monga mwa lamulo la kumeneko. Wilbroad anatsala kuti athandize mpaka teni koloko. A Nachisale anamusiyira mwana kanthawi kuti akawiritse madzi ena, ndipo pobwerera anaima pa chitseko chimene chinali chosatsekeka bwino.

Wilbroad anali atavala magolovesi. Thewera lakuda linali lotambasula pa bedi. M'manja mwake munali kabotolo kokhala ndi kasupuni kakang'ono pa chivindikiro, ndipo ndi kasupuniko anapala thewera lija mosamala, n'kuika m'kabotolo, n'kutseka. Analembapo kanthu ndi cholembera chakuda. Anakaika m'kajumbo, kajumbo m'kabokosi koyera, ndipo a Nachisale atathawira ku bafa anamumva akutsegula furiji.

Anakhala m'mphepete mwa bafa atagwira ketulo ya madzi otentha osaimvanso kutentha kwake. Anamvapo za amuna amene ntchito ikawavuta amapita kwa anthu ena n'kuuzidwa kuti abweretse kanthu ka mwana wawo. Koma Wilbroad? Wa telele uja? Atamva kuti walowa kuchipinda kukasintha malaya, anatsegula furiji, natenga kabokosi kaja n'kukakulunga m'chitenje cha m'chiuno mwawo. Kenako ananyamula Kuda, nakhala pa mpando wawo, nayambiranso supuni.

Wilbroad anatuluka chikwama chili kumsana. Furiji inatseguka, inatsekeka, inatsegukanso. Anabwera n'kuima pa khomo la balaza, maso ali pa mwana.

"Kuda, uwafunseko agogo ngati aona kabokosi koyera mu furiji, pansi penipeni."

"Kuda, afunse atate ako kuti m'kabokosimo muli chiyani."

Hita yokha ndiyo inkangoti tcha, tcha.

"Kuda," anapitiriza a Nachisale, supuni ili nji, "auze atate ako kuti ine ndaona ndi maso angawa. Auze kuti ndinawatenga ngati mwana wobala ndekha. Ngati ntchito yavuta, ngati akufuna kukwezedwa, apemphere ngati anzawo. Koma iwe asakukhudze. Ndinaika kale mmodzi. Wachiwiri sindiika."

Wilbroad sanaseke, ndipo zimenezi a Nachisale anazikumbukira pambuyo pake. Anavula chikwama, nakhala pansi pa kapeti pafupi ndi chitseko, miyendo yake yaitaliyo ataipinda, naomba m'manja pang'onopang'ono.

"Kuda, uwauze agogo kuti nalakwa. Amayi ako anasaina fomu, ine n'kuyesa kuti basi zatha. Koma fomu si agogo. Ambuya anga ku Katete akananiona sembe ananithira ketulo imeneyo pamutu. Uwapemphe anilole nifotokoze."

"Auze afotokoze. Supuni sindiimitsa."

Anafotokoza, maso ali pa mwana. Kachilombo kamene kagwira Kuda, anatero, kamatchedwa rotavirus, ndipo pafupifupi mwana aliyense pa dziko lapansi amakumana nako asanakwane zaka zisanu. Kuno ana ambiri amachira chifukwa chipatala chili pafupi. Kwathu kamapha ana ambirimbiri chaka ndi chaka, osati ndi poizoni ayi, koma pongowatsanula madzi m'thupi.

"Kali monga mtedza, Kuda. Pali khoko kunja, chodwalitsa chili mkati. Ise ku labu tipanga khoko chabe, lopanda mtedza. Ni mapuloteni okhaokha, sangadwalitse munthu. Ukamubaya mwana khoko limenelo, thupi liyesa kuti mdani wafika, likonza asilikali. Tsiku lobwera kenikeni, kapeza asilikali ali maso."

"Makokowo amawatola kuti?"

"Atipangira ni maselo a kagulugufe kena, wachibale wa ntchemberezandonda. Tiwaweta m'mabotolo. Ndiye amene nifunika kukadyetsa lero."

A Nachisale anakweza nsidze. Moyo wawo wonse analimbana ndi mbozi m'minda ya azungu, lero mkamwini wawo akudzuka m'mawa kukazidyetsa.

"Nanga chimbudzi cha mwana chikulowapo pati?"

"Tifuna kachilombo kamene kadwalitsa ana chaka chino, osati kokalamba kamene takhala nako mu furiji zaka na zaka. Katemera wathu tibaya mbewa zoyera. Pakapita masabata titengako magazi a mbewa, tione ngati angagwire kachilombo konga ka Kuda."

"Mbewa?" Supuni inaima koyamba. "Kuda, atate ako a ku Katete awapatsa ntchito yoyang'anira mbewa? Azunguwo amaziwerenga poweruka?"

Wilbroad anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. A Nachisale analuma mlomo chifukwa sanafune kuseka, nkhani inali isanathe.

"Ndiye iweyo uchira nazo zimenezi, Kuda? Afunse."

"Ai. Kuda achira na supuni ya agogo iyo. Katemera wathu angatenge zaka teni, kapena osatheka n'komwe. Alipo ena odontheza mkamwa amene ali pafupi kutuluka, koma tiopa kuti kwathu, kumene mimba za ana zili kale na mavuto, sangagwire bwino. Wathu ni wa jekiseni. Ni wa ana amene akalibe kubadwa, a ku Katete, a ku Banket."

Munthu wonyenga akanati mwana achira mawa. A Nachisale anazisunga zimenezo.

Kenako Wilbroad anafunsa, motsitsa kwambiri, mmene Jailos, malume ake a Kuda, anadwalira. Palibe amene anali atawafunsapo funso limeneli. Anthu ankafunsa za thewera, za amene anadutsa pa waya tsiku lija, osati za matendawo. Anamuuza Kuda zonse: kusanza koyamba, madzi pambuyo, liwombo, kulira kopanda misozi, kuzizira kwa Juni.

"Kuda, siningalumbire," anatero Wilbroad. "Sininaliko. Koma mayendedwe ake ni a kameneka."

"Nanga thewera linapita kuti?"

"Sinidziwa. Kapena galu, kapena mphepo, kapena mayi wina wosowa. Sinidziwa." Anaimirira n'kutola chikwama. "Uwauze agogo kuti kabotolo ni kawo. Akakana, sikachoka muno, ndipo sinizakambanso. Nipempha chabe kuti kabwerere mu furiji. Kakhoza kudikira mpaka pa Chisanu."

Atatuluka, a Nachisale anakabwezera mu furiji, koma atakamanga ndi mpango wawo wa kumutu, mfundo imene akanaizindikira wina akanaikhudza.

Lachitatu linatha, Lachinayi linafika, Kuda akutsegulabe. Maso analowa pang'ono, liwombo linatsika moti chala chinkamva. Dokotala anamuonanso, nati apitirize supuni, koma ngati pofika Lachisanu masana sanakodze mokwanira apite naye kuchipatala. A Nachisale sankafuna kuwerenga masiku koma ankangodziwerenga okha. Lachinayi, Lachisanu, Loweruka.

Masana a Lachinayi lomwelo, akutsika pa lifiti ndi jumbo lawo, ganizo lina linawapeza. Chifikireni m'dziko lino palibe thewera la Kuda limene linasowa. Onse anawamanga okha, anawakankhira pansi okha. Kabotolo kanatengedwa mwana atadwala kale, ndipo kanali kasanatuluke m'nyumba. Komabe matenda anabwera, ndipo anayenda njira ya Jailos phazi ndi phazi. Anaima pa chibini ndodo ili m'manja mpaka mayi wina wa galu anawafunsa ngati ali bwino.

Koma mantha a zaka makumi atatu ndi ziwiri sachoka ndi ganizo limodzi. Matenda akhoza kubwera okha, inde, koma kodi munthu atagwira chimbudzi cha mwana wodwala sangatseke njira yochirira? Kusiya kabotolo mu furiji mpaka Loweruka nakonso mtima unkakana. Kukataya ku bini kunali kosavuta, koma ankati akaganiza zotero n'kuona waya wa pa komboni, ndi matewera a ana a eni ake akuuluzika pamenepo mpaka lero.

Madzulo, onse ali pa balaza, analankhula.

"Kuda, afunse atate ako kuti akatapako kamene akufunako, chotsala chimapita kuti."

"Tichiphika mu mphika wa nthunzi mpaka chilichonse chife, ndiye chipita kukatenthedwa."

"Amaona ndani?"

"Nimaona ine."

"Sizikwana. Auze kuti mawa ndinyamula ndekha. Chimbudzi cha mwana sanyamula mwamuna m'chikwama cha mabuku."

Tambudzai, amene anali pa ofu Lachisanu, anayang'ana amayi ake kenako amuna ake. "Nanga Kuda akutsala ndi ine, inu awiri muzikalankhulana bwanji?"

"Basi ili ndi nambala, sitima ili ndi nambala," anatero a Nachisale. "Tikalankhula chiyani? Iwe usaleke supuni, ndipo usamaonere TV uku ukumwetsa."

Ananyamuka hafu seveni. Asanatuluke, a Nachisale anagwira thewera la Kuda. Linali louma ngati pepala. Anatsala pang'ono kuvula jasi, koma anamanga mabatani onse n'kutuluka.

Wilbroad ankayenda patsogolo mapazi atatu, iwo pambuyo, handibagi ili pachifuwa ndi manja onse awiri. M'basi anakhala mipando yosiyana. Ku Woolwich anadutsa pa msika anthu akuyala nthochi zophika ndi nsomba, nakwera sitima ya ku London Bridge. Pofika potsikira Wilbroad anatsokomola kawiri, iwo n'kuimirira. Pokhota msewu ankatsokomola kamodzi. Mayi wina wachizungu anamupatsa switi ya chifuwa.

Labu inali m'nyumba yakale ya njerwa, kuseri kwa chipatala china chachikulu. Anawalandira mkulu wa ntchitoyo, Dokotala Killian, mayi wamfupi wa imvi wochokera ku Ireland, chipewa cha njinga chikadali m'manja. A Nachisale atamuona mtima unakhala pansi, chifukwa anapeza wotuma. Anatulutsa Chingerezi chawo cha Sitandade 4 cha pa sukulu ya pa famu.

"Muwauze awa kuti nditsegula ndekha."

Dokotala Killian anayang'ana Wilbroad, amene anali ataima pomwepo. "Koma si awa ali apa?"

Wilbroad anamunong'oneza mawu angapo. Mayiyo anagwedeza mutu, natembenukira kwa Wilbroad nkhope ili yosaseka. "Wilbroad, apongozi ako akuti atsegula okha."

A Nachisale anamasula mpango. Asanapereke kabokosi anavala magalasi awo, chifukwa panali chinthu chimene ankafuna kuona kuyambira Lachitatu: chimene mkamwini analemba pa kabotolo. Anayang'ana kudzera m'kajumbo kowala. Panali nambala ndi deti basi.

"Dzina lili kuti?"

"Palibe," anatero Dokotala Killian. "Muno simulowa dzina la mwana. Mafomu amakhala mu ofesi ina, m'kabati yokhoma. Kwa ife uyu ndi 417."

A Nachisale anatembenuza kabotolo uku ndi uku. Munthu wofuna kuchita choipa amatchula dzina. Nanga angaitane bwanji 417? Anapereka.

M'chipinda cha ntchito sankaloledwa kulowa, koma chitseko chinali ndi windo, ndipo anawabweretsera kampando kokwerapo kuti aone bwino. Anaona mkamwini wawo atavala gawuni ndi magolovesi, manja atawalowetsa m'kabati ya galasi. Sanamuonepo akugwira ntchito. Manja aakulu aja ankayenda mofatsa ngati a mzamba. Anatapa pang'ono, nasungunula m'madzi, nagawa m'timachubu titatu tating'ono ngati chala cha Kuda.

"Titatu timeneto tisunga pozizira kwambiri," anatero Dokotala Killian. "Ndikukuuziranitu kuti musaganize kuti tabisa."

"Ta nambala?"

"Ta nambala."

"Chabwino. Muwauze chotsalacho ndikuchidikira."

Kabotolo, kasupuni kake ndi magolovesi zinalowa m'jumbo lochindikala, jumbo linalowa mu mphika wachitsulo waukulu ngati dramu, ndipo Wilbroad anatseka chitseko chake n'kudina batani. Mphika unayamba kufwenthera. A Nachisale anakana tiyi, anakana mpando, anaima pa windo mpaka singano ya mphikawo inakwera n'kukhazikika. Apo m'pamene anatsika pa kampando.

Podikira kuti Wilbroad adyetse maselo ake, Dokotala Killian anawaonetsa zithunzi ziwiri pa kompyuta, zojambulidwa ndi makina okuza zinthu. Pa chilichonse panali tinthu tozungulira ngati mawilo a ngolo. Anawafunsa ngati angadziwe kuti makoko a Wilbroad ndi ati. A Nachisale, amene anasenda mtedza kuyambira ali ndi zaka zisanu, analoza osazengereza.

"Awa. M'kati mulibe kanthu."

"Ophunzira anga ena zimawatengera sabata," anatero mayiyo.

Koma a Nachisale anali atasiya kale kumumvera. Maso awo anali pa chithunzi chinacho, cha mawilo odzaza. Zaka zonsezi ankafunafuna nkhope. Anakayikira mkazi wa kapitawo, anakayikira mlamu wawo, panali anthu amene anasiya kuwapatsa moni mpaka anamwalira. Anagunda galasi la kompyuta ndi chikhadabo.

"Kameneka?"

"Kameneko."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya mpango. "Muwauze awo, ndi inunso, kuti zaka teni zachuluka. Mufulumire."

Wilbroad anawaperekeza pobwerera, mapazi atatu patsogolo monga kale. M'sitima handibagi inkapepuka moipa. A Nachisale anali atachita chimene analumbira kuti sadzachita. Chimbudzi cha mwana chinali chitatuluka m'nyumba, ndipo timachubu titatu tinatsala m'manja mwa alendo. Mu labu muja zonse zinkamveka bwino. Kunja kuno, nyumba zikuthamanga pa windo, ankangoona thewera louma lija.

Pa siteji ya basi ku Woolwich wotchi ya pa shopu inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane thwelofu. Basi sinkabwera. A Nachisale anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Panalibe Kuda, panalibe Dokotala Killian, panali nkhunda zokha ndi mnyamata wogulitsa makadi a foni. Wilbroad anali ataima chapatali, dzanja lili m'thumba la jasi mmene munali foni, nayenso akuyang'ana wotchi yomweyo.

"Bambo a Kuda."

Wilbroad anatembenukira kumbuyo kuti aone amene akuitanidwa.

"Ndikunena inu. Imbani foni."

Foni inatsala pang'ono kugwera mu ngalande. Anaimba, ndipo atamva mawu a mkazi wake anaipereka ndi manja awiri.

"Wakodza?" anafunsa a Nachisale, moni osapereka.

"Amayi, wakodza mpaka wanyowetsa sofa! Wadya nthochi theka. Panopa akulira chifukwa ndamulanda rimoti. Simukumumva?"

Ankamumva. Kulira kwaukali, kwa munthu amene ali ndi mphamvu zokwiyira.

"Misozi ikutuluka?"

"Ikutuluka, ndi mamina omwe. Dikirani, amayi, foniyi mwaipempha bwanji? Mwatuma ndani?"

"Usaleke supuni," anatero a Nachisale, n'kudula.

Anabweza foni osayang'ana mwini wake, chifukwa maso awo anali ndi ntchito ina. Basi itafika inali yodzaza, mpando wa awiri unatsala umodzi. Anakhala cha ku windo, naika handibagi pa miyendo, namenya mpando wa pambali ndi chikhatho.

"Khalani. Mwaima kuyambira m'mawa."

Wilbroad anakhala m'mphepete penipeni, theka la thupi lili m'kanjira, mpaka ku Thamesmead.

Kunyumba a Nachisale sanavule jasi. Analanda mwana m'manja mwa mayi wake, nayendetsa chala pamutu. Liwombo linali lisanadzaze bwino, koma linali litakwera, likugunda pansi pa chala. Kuda anawagwira magalasi n'kuwakoka. Anamugoneka, namusintha thewera lolemera bwino, nalimanga m'majumbo awiri, mfundo yolimba monga mwa masiku onse. Anayenda nalo mpaka pa khomo, kenako anaima m'kanjira kopapatiza kaja, pamene Wilbroad ankavula nsapato.

"Kuda, auze atate ako kuti," anayamba, n'kuleka. Anatambasula dzanja.

"Bambo a Kuda, mawondo andipweteka ndi masitepe a sitima zanu. Tsikani nalo inuyo. Mukalikankhire pansi penipeni, lisaoneke. Ndodo ili kuseri kwa chitseko."

Wilbroad anavalanso nsapato, nalandira jumbo lija ndi manja awiri.